Yunitsi ndi yunitsi: kufunditsa fulati ya magetsi okhaokha ku Britain

Novembala akangolowa, foni yanga imayamba kulira ndi nkhani imodzimodzi. "Achimwene, tabwerani mudzaone mita yanga, ikundibera." Ndimanyamula zida n'kupita, ndimayeza, ndipo kawirikawiri mitayo imapezeka yopanda mlandu. Wakuba amakhala ali phee pakona ya pabalaza: kahita ka £20 kamene kakhala kakuuzira mpweya wotentha kuyambira madzulo mpaka mbandakucha.

Ndine wamagetsi, ndipo ntchito yanga yambiri ili m'mafulati a lendi kuno ku England, momwe mukukhala abale athu obwera kudzasamalira okalamba kapena kudzaphunzira. Mafulati amene munthu wongofika kumene angakwanitse nthawi zambiri amakhala aja opanda gasi: pamwamba pa shopu, kapena m'nyumba zakalekale zimene eni ake anazidula zipindazipinda. Mu Ogasiti lendi yake imaoneka yachifundo. Mu Januwale ndi pamene mumadziwa chifukwa chake.

Tiyambe ndi masamu, poti popanda iwo tingolankhula m'maere. Yunitsi imene mumagula kuno ndi yomwe ija munkagula ku ESCOM: chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu, yunitsi imodzi yapita. M'chaka cha 2025, pa mitengo imene Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi kuno, limakhazikitsa miyezi itatu iliyonse, yunitsi ya magetsi inkasewera pakati pa 24p ndi 28p, pomwe ya gasi inali pakati pa 6p ndi 7p. Ndiye kuti mnzanu wa nyumba ya gasi akugula kutentha komweko pa mtengo wotsika pafupifupi kanayi. Musamadzifanizire naye, mungadwale mtima. Tiwerengere 25p kuti masamu aphweke. Hita ya 2 kW (mawati 2,000) ikayaka maola 6 imadya mayunitsi 12, yomwe ndi £3 patsiku, £90 pamwezi, chipinda chimodzi chokha. Muyike ina kuchipinda kwa ana, ina kwanu, mwafika pa £270 musanaphike ngakhale phala. Pamwamba pake pali ndalama ya pafupifupi 50p kapena kuposerapo imene kampani ya magetsi imadula tsiku lililonse ngakhale mutazimitsa zonse n'kupita ku Malawi.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi lakuti, "Ndigule hita yanji yosadya magetsi?" Yankho lake silikoma: kulibe. Hita iliyonse yolowetsa pasoketi imasandutsa yunitsi imodzi ya magetsi kukhala yunitsi imodzi ya kutentha, osaonjeza, osachotsera. Ya £20 ndi ya £400 zimalingana pamenepa. Malonda aja mumawaona pa Facebook, a kahita kokwana m'manja kamene akuti kamafunditsa nyumba yonse ndi timakobiri, ndi bodza lamkunkhuniza. Kakadya pang'ono ndiye kuti kakutenthanso pang'ono. Kusiyana kwa mahita kuli pa kaperekedwe kokha. Ya fani imafunditsa msanga n'kuzizira msanga. Ya mafuta m'kati imachedwa kuyamba, imachedwanso kuleka, ndipo siichita phokoso. Ya halogen ili ngati kuwotha moto panja: kumaso kukupsa, kumsana kukuzizira. Chofunika pogula n'chakuti ikhale ndi thermostat, kachipangizo kamene kamaizimitsa chipinda chikafunda, komanso kawotchi koiyatsa ndi kuizimitsa pa nthawi yake. Chokhacho chimene chimaphwanya lamuloli ndi heat pump, imene imagwira ntchito ngati firiji yotembenuza ndipo imapereka pafupifupi mayunitsi atatu a kutentha pa yunitsi imodzi, koma wa lendi sangaboole khoma la eni ake kuti ayike.

Poti hita siisintha kanthu, chotsala ndi kusintha nthawi imene mukugula magetsiwo, kukula kwa malo amene mukufunditsa, ndi mipata imene kutentha kukuthawira.

Za nthawizi ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zikutayikira. Ngati pakhoma panu pali chibokosi chachitsulo chonenepa, cholemera moti simungachisunthe, imeneyo ndi storage heater. M'kati mwake muli njerwa. Mukukumbukira mafuwa momwe amatenthera m'mawa moto utazima kalekale? Nzeru yake ndi yomweyo. Njerwazo zimatenthedwa usiku, magetsi ali otchipa, n'kumatulutsa kutenthako tsiku lonse. Zimayendera limodzi ndi mtengo wotchedwa Economy 7, umene unayamba mu 1978: maola 7 a usiku otsika mtengo, kawirikawiri kuyambira cha pakati pa usiku mpaka cha m'ma 7 m'mawa. Koma pali msampha. Pa Economy 7 yunitsi ya masana ndi yodula kuposa ya munthu amene ali pa mtengo umodzi.

Ndinalowa m'fulati ina chaka chatha n'kupeza ma storage heater onse atatu ali ozimitsa pakhoma, wina atasanduka poyikapo mafelemu a zithunzi. Mayi a m'nyumbamo anati anauzidwa kutchalitchi kuti zimenezo zimadya magetsi koopsa. M'malo mwake ankayatsa mahita awiri a fani madzulo aliwonse, pa mtengo wa masana. Anasiya magetsi otchipa n'kumagula odula kuposa onse. Si iwo okha, ndaziona kambirimbiri, ndipo sindiwadzudzula chifukwa palibe amene amakufotokozera tsiku limene akukupatsa makiyi.

Ma storage heater akale ali ndi mabatani awiri opotokola. Lolembedwa Input likunena kuchuluka kwa kutentha kumene njerwa zisunge usiku, ngati nkhuni zimene mwasonkhezera. Lolembedwa Output limatsegula kachitseko kotulutsira kutenthako. Pogona, Output ikhale pansi penipeni. Mukaisiya yotsegula, kutentha konse kumathera m'mawa inu muli kuntchito, ndipo mukamabwera madzulo mumapeza chitsulo chozizira. Muzitsegula mukafika, muzitsekanso pogona. Input muziisintha poona nyengo ya mawa, osati ya lero: hita yaikulu ikadzaza imatha kumwa mayunitsi pafupifupi 24 usiku umodzi, ndiye palibe chifukwa choidzazitsa kunja kukakhala kofunda. Ndipo musayanikepo zovala kapena kugwetserapo katani, moto umayambira pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti mahita amenewa, amene azungu ogwira ntchito masana amadana nawo, amayanjana bwino ndi achemwali athu a shifiti ya usiku. Mukuweruka 8 koloko m'mawa njerwa zitangodzaza kumene, mukugona masana nyumba ili yofunda.

Onani bilu yanu. Ngati ikuonetsa mitengo iwiri, wa masana ndi wa usiku, muli pa Economy 7. Funsani kampani yanu maola enieni, poti amasiyana malinga ndi dera ndi mtundu wa mita. Ngati mulibe storage heater ndipo pafupifupi zonse mumachita masana, pemphani akuikeni pa mtengo umodzi. Mwa kuwerengera kwanga, magetsi a usiku akapanda kufika magawo atatu kapena anayi mwa khumi a onse amene mumagwiritsa ntchito, Economy 7 ikukudyerani.

Giza nayonso imalowa m'nkhani yomweyi. Thanki ya madzi otentha ija ili m'kabati imakoka pafupifupi 3 kW. Izitenthetsa usiku. Switchi yolembedwa Boost ndi ya pangozi, alendo akabwera madzi atatha, osati yoisiya choyaka mwezi wathunthu. Shawa yamagetsi ndiye chilombo chenicheni: ya 9 kW imadya yunitsi ndi theka pa mphindi khumi. Banja la anthu anayi osamba motero tsiku lililonse likulipira £45 pamwezi kubafa kokha.

Za mipata sindichulutsa. Tsiku la mphepo nyowetsani dzanja, muliyendetse m'mbali mwa mawindo ndi pansi pa zitseko, mudzamva nokha pamene pakulowera chisanu. Pansi pa chitseko ikani chitenje chakale chokulunga ngati nkhata yaitali. Mawindo a galasi limodzi amamatidwa pulasitiki yopyapyala yogulitsidwa m'mashopu a zomangira: mumamata ndi tepi yake, n'kuiwomba ndi choumitsira tsitsi mpaka itakungika. Mpweya wotsekeredwa pakatipo ndi umene umagwira ntchito. Makatani okhuthala a m'mashopu a kaunjika, kapeti pansi, zitseko za zipinda zotseka. Sankhani chipinda chimodzi chokhalamo madzulo, makamaka chaching'ono, ndipo chimenecho ndicho chifunde.

Kenako fundani inu eni. Bulangete lamagetsi lofunda pampando limakoka mawati pafupifupi 100. Maola 6 aja amene hita inadya £3, bulangeti ladya 15p. Pa zinthu zonse zogula, ichi chokha ndicho ndimalimbikitsa ndi mtima wonse kwa munthu wamkulu wokhala yekha. Koma chili ndi malire. A zaumoyo kuno amalangiza kuti chipinda chokhalamo chisatsike pansi pa madigiri 18, makamaka pakakhala khanda, wokalamba, kapena wodwala mtima kapena mphumu. Bulangete limafunditsa thupi, koma mpweya umene mwana akupuma ukadali wozizira.

Ndipo nyumba yozizira yotsekedwa paliponse imabala mdani wina, chinyezi. Ife timaphika zowira nthawi yaitali, nyemba maola atatu pamoto, nthunzi ili tolotolo. Onjezani zochapa zoyanika pabalaza ndi mpweya wa anthu anayi ogona. Madzi onsewo akakhudza khoma lozizira amasanduka mame, ndipo pakapita masabata mumaona nkhungu zakuda kuseri kwa wodiropu ndi m'makona a mawindo. Musazitenge ngati litsiro wamba. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma nkhungu za m'fulati, ndipo imfa yake inachititsa kuti boma likhwimitse lamulo pa nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe. Choncho timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo musatimate. Fani ya kubafa ndi ya kukhitchini iziyaka, imadya zochepa kwambiri. Vindikirani mapoto. Tsegulani windo mphindi zochepa m'mawa. Ngati mungakwanitse, gulani dehumidifier, makina okama madzi mumpweya. Ambiri amakoka mawati 200 kapena 300, amaumitsa zovala, ndipo magetsi onse amene adya amatsala m'chipindamo ngati kutentha.

Mbaula ndiye ayi. Ndikudziwa kuti ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni timailowetsa m'nyumba, ndipo ngakhale kumeneko imapha anthu. Kuno nyumba zilibe mipata ya pansi pa malata yotulukira mpweya woipa. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, umangokugonetsa. Chitofu chowotchera nyama panja chikhale panja. Hita nayo izilowa pasoketi ya pakhoma mwachindunji: pulagi ya kuno, yofanana ndi ya kwathu, imanyamula ma amp 13, pafupifupi 3 kW, ndiye mahita awiri pa ekisitenshoni imodzi adutsa kale malire. Ndachotsapo zambiri zosungunuka.

Zina si zanu, ndi za alandilodi. Lamulo la 1985 la eni nyumba ndi alendi limawakakamiza kukonza zofunditsira nyumba ndi zotenthetsera madzi zikawonongeka. Nyumba ya lendi imayeneranso kukhala ndi satifiketi ya EPC, yoonetsa kasungidwe ka kutentha kuyambira A mpaka G, ndipo mutha kuiona ulere pa intaneti polemba postcode yanu. Ku England ndi ku Wales, kuyambira Epulo 2020, n'kosaloledwa kuchititsa lendi nyumba ya F kapena G pokhapokha mwini wake atalembetsa chifukwa chovomerezeka. Alembereni alandilodi uthenga, osangoimba foni, kuti pakhale umboni, ndipo jambulani zithunzi za nkhunguzo. Akakhala chete, pitani ku khonsolo, nthambi yoona za ukhondo wa nyumba, kapena ku Citizens Advice, komwe uphungu ndi waulere ngakhale viza yanu ili yoletsa kulandira thandizo la boma. Okhala ku Scotland ali ndi Home Energy Scotland, bungwe lopereka uphungu wa kafunditsidwe ka nyumba. Ndipo ngati mukufunafuna fulati panopa, onani EPC musanasaine, kenako mufunse amene akutulukamo kuti bilu ya Januwale inali ndalama zingati.