Musanadinde negetivu pa eBay, tamvani kaye

Anthu ambiri ogula pa eBay, msika wa pa intaneti, amaona ngati ndemanga ija timasiya katundu akafika ndi zikomo chabe, kapena chikwapu chomukhaulitsira wogulitsa akatikwiyitsa. Ine monga wogulitsa ndimati ayi. Ndemanga ija mukulembera munthu wina amene simudzamuona nkomwe, amene mawa adzaime pa katundu wa wogulitsa yemweyo ndalama zili m'manja, nkumadzifunsa kuti kodi ameneyu sandidyera?

Pa kaunjika malaya mumawagwira, kuwatembenuza, kuona ngati kolala yatha. Pa okushoni ya pa intaneti muli ndi zithunzi ndi mawu a anthu amene anagulapo kale basi. Nchifukwa chake Pierre Omidyar, amene anayambitsa eBay mu 1995 ikadali ndi dzina loti AuctionWeb, anatsegula malo a ndemanga mu 1996 kuti anthu osadziwana azichitirana umboni.

Mawerengedwe ake ndi osavuta. Pozitivu (ndemanga yoyamikira) imaonjezera 1 pa nambala ili pambali pa dzina lanu, negetivu (ndemanga yodandaula) imachotsa 1, yapakatikati siisuntha kanthu. Koma chimene ogula amayang'ana kwambiri ndi peresenti, ndipo imeneyo imachokera pa ndemanga za miyezi 12 yapitayi. Ndiye taganizani mayi amene amagulitsa nsapato zakale za ana ake, chaka chonse walandira ndemanga 20, imodzi nkukhala negetivu, watsika kale kufika pa 95, pomwe shopu yaikulu ya ndemanga 5,000 negetivu yanuyo siyiimva ndi pang'ono pomwe. Ndipo 95 pa eBay si malikisi abwino ngati kusukulu ayi, anthu anazolowera kuona 99 kupita mtsogolo, akaona 95 amangodutsa.

Ogula, muli ndi masiku 60 oti musiye ndemanga, nde mukuthamangiranji? Katundu akafika wosweka kapena wosiyana ndi pa chithunzi, yambani mwamulembera meseji mwiniwakeyo, mutumizenso zithunzi. Akapanda kukuthandizani tsegulani dandaulo kudzera mu Money Back Guarantee, ndondomeko ya eBay yobwezera ndalama kwa ogula, nthawi zambiri mumakhala ndi masiku 30 kuchokera pomwe katundu wafika, ndipo wogulitsa amapatsidwa masiku 3 a ntchito kuti ayankhe eBay isanalowererepo. Negetivu payokha siibweza ndalama. Ndipo ngati munthu anatumiza katundu tsiku lomwe analonjeza, nambala ya tracking (yolondolera katundu) ikuonetsa, koma a positi ndi amene achedwetsa, kumupatsa negetivu nkumulakwira.

Pali kachizolowezi kathu kena kamene kamasokoneza zinthu. Munthu ali ku Lilongwe wagula laputopu, wapereka adiresi ya m'bale wake wa ku Leeds ku UK, m'baleyo osatsegula nkomwe katoni, waisunga kudikira kontena, katundu nkudzafika kumudzi patatha miyezi itatu, kuyatsa osayaka. Apa masiku 30 aja anatha kalekale, 60 ajanso anatha, ndipo kwa eBay katundu anafika tsiku limene analandiridwa ku Leeds. Muuzeni m'bale wanuyo atsegule ndi kuyesa tsiku lomwelo, asachite manyazi kuti si zake.

Negetivu ili ndi malo ake, musamve ngati ndikuikira kumbuyo anzanga. Wogulitsa wanama dala, wakutumizirani feki, meseji osayankha, mpatseni ndithu, kumubisira nkupweteketsa wogula wotsatira. Koma lembani zimene zachitika: "analemba kuti batire ndi yatsopano, imatha pa mphindi 20, sanayankhe." Zimenezo zimathandiza kuposa "mbava iyi!!!" Nayonso pozitivu ya "A+++++" ija anthu amaikonda siuza munthu kanthu, nenani kuti anapakira bwino, katundu anafika msanga.

Chimene musayerekeze nkuopseza. Zoti "mundibwezereko mapaundi 10 apo ayi ndikupatsani negetivu" ndi zoletsedwa, wogulitsa akakaonetsa mesejiyo ku eBay ndemanga yanu itha kufufutidwa, akaunti yanu nkulowa m'mavuto. Wogulitsanso saloledwa kunena kuti ndikubwezerani ndalama pokhapokha mundipatse pozitivu.

Tsopano anzanga ogulitsa. Mkangano woti ayambe ndani kusiya ndemanga ndi wakale, unachokera nthawi imene wogulitsa ankatha kubwezera, iwe ukandipatsa negetivu nanenso ndikupatsa, ndiye ogula ankangokhala chete chifukwa cha mantha. Mu 2008 eBay inathetsa zimenezo, wogulitsa tsopano angapereke pozitivu yokha kwa wogula. Nanga mukaigwira ndemanga kudikira kuti kasitomala ayambe, mukumuopseza ndi chiyani? Munthu wawina okushoni, walipira pa nthawi yake, mbali yake wakwaniritsa, mulembereni. Ena amadinda pozitivu koma mawu ake nkukhala otukwana, zimenezonso nzoletsedwa. Munthu akawina osalipira, pakatha masiku 4 mutha kukansela oda nkusankha chifukwa choti sanalipire, kenako mumubuloke asadzabwerenso pa katundu wanu.

Negetivu ikakugwerani musayankhe mtima uli m'mwamba, yankho lanu limakhala pansi pa ndemangayo aliyense nkumaliwerenga, ndipo wogula wanzeru amayang'ana kwambiri mmene munayankhira kuposa dandaulolo. "Pepani, katundu anasweka m'njira, ndalama tabweza zonse" yakwana. Mukakonza vutolo mutha kumutumizira kasitomala pempho loti asinthe ndemanga yake, bola isanapitirire masiku 30, iye amakhala ndi masiku 10 oti avomere kapena akane. Mapempho amenewa ndi owerengeka pa chaka, nde musawamwaze pa munthu amene simunagwirizane naye kaye pa meseji.