Sanalodzedwe, ndi ubongo umene wavulala

Kuno ku Area 25 anthu akhala akunong'onezana za bambo ena amene anadwala sitiroko. Amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kusiya inayo, amameta ndevu tsaya lakumanja lokha, ndipo akazi awo akaima kumanzere sawacheukira n'komwe. Ena akuti alodzedwa, ena akuti ndi mwano chabe. Zonsezi n'zabodza, ndipo zimandiwawa chifukwa wodwalayo ndiye amangokalipiridwa.

Ubongo ukavulala mbali yakumanja, kaya ndi sitiroko kapena ngozi ya kabaza, munthu amatha kusiya kulabadira chilichonse cha kumanzere kwake. Nthawi zambiri maso amakhala ali bwinobwino, koma ubongo sutengako mbali imeneyo. Mwiniwake sadziwa kuti pali chimene chikumudutsa.

Kuchipatala amayeza ndi pepala ndi cholembera basi. Amamuuza kuti ajambule wotchi, iye manambala onse, 1 mpaka 12, amawaunjika kumanja. Akamupatsa mzere kuti audule pakati, amadula chakumanja. Papepala lodzaza tinyenyezi amachonga takumanja tokha, n'kunena kuti wamaliza.

Mukaona zoterezi pitani nawo ku Kamuzu Central Hospital akaonane ndi dokotala komanso a mafizo. Ambiri amayamba kupezako bwino m'miyezi yoyambirira. Pakhomo muzikhala kumanzere kwawo, kuwaitana mofatsa kuti atembenuze mutu, ndi kuwagwira dzanja lakumanzerelo. Chonde musawalole kuyendetsa galimoto kapena kuwoloka msewu okha, chifukwa minibasi yochokera kumanzere sangaizindikire.