Ngongole ya nkhondo imene Hamilton anaipeza patebulo

Nkhondo yomenyera ufulu wa America itatha mu 1783, boma linalibe ndalama zolipirira asilikali. Ambiri anabwerera kwawo ndi mapepala olonjeza kuti adzalandira zawo mtsogolo. Koma pepala sadyera nsima. Umphawi utawapana, anagulitsa mapepalawo kwa anthu andalama pamtengo wolira, nthawi zina osafika ndi kotala yomwe ya ndalama zolembedwapo.

Mlandu umenewu ndi umene Alexander Hamilton anaupeza pamene George Washington, pulezidenti woyamba wa America, anamusankha kukhala nduna yoyamba ya zachuma mu Sepitembala 1789. Hamilton anabadwira pachilumba cha Nevis ku Caribbean, mayi ake anamwalira ali mnyamata, ndipo mabuku a ndalama anawadziwira pa ukalaliki wa kampani ina yamalonda pachilumba cha St Croix. Pankhondo anali mlembi wa Washington, choncho anaona yekha asilikali akugona ndi njala.

Mu Januwale 1790 anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo. Boma lalikulu linali ndi ngongole ya madola pafupifupi 54 miliyoni, ndipo zigawo zinali ndi yawoyawo, imene iye anaiyerekeza pa 25 miliyoni. Maganizo ake anali oti boma lisenze yonse, mapepala akale liwasinthe ndi atsopano obala chiwongoladzanja, ndipo lilipire aliyense amene pepala lili m'manja mwake tsiku limenelo.

Apa mpamene mnzake James Madison, phungu wa ku Virginia, anamutembenukira. Msilikali anakhetsa magazi, wogula anangotsegula chikwama. Nanga phindu lonse lipite bwanji kwa wogulayo? Madison anafuna kuti ndalamazo zigawidwe pakati pa mwini woyamba ndi wogula. Ine ndimamumvetsa, makamaka podziwa kuti akathyali ena anathamangira kumadera akum'mwera kukagula mapepala kwa anthu amene nkhaniyi inali isanawafike.

Komabe amene timagwira ntchito ya zandalama timaona chimene Hamilton ankaopa. Pepala la ngongole ya boma limakhala ndi mtengo chifukwa mwini wake angathe kuligulitsa tsiku lililonse akasowa ndalama. Wogulayo amalitenga podziwa kuti boma silidzamufunsa kuti analipeza bwanji. Boma likayamba kusankha woyenera kulipidwa, ogula amathawa, mtengo umagwa, ndipo likadzafunanso kukongola limapatsidwa chiwongoladzanja cha katapila. Kuwonjezera apo, mapepala ambiri anali atadutsa m'manja mwa anthu angapo, moti kusaka mwini woyamba kukanakhala ntchito ya zaka. Nyumba ya malamulo inakana maganizo a Madison.

Ngongole za zigawo zinavutanso. Virginia inali itabweza gawo lalikulu la yake ndipo sinkafuna kulipirira Massachusetts. Nkhaniyi inathera pa chakudya chamadzulo kunyumba kwa Thomas Jefferson, nduna ya zakunja, mu 1790: akum'mwera analola kuti boma lisenze ngongole za zigawo, ndipo posinthana ndi zimenezo anagwirizana kuti likulu la dziko lidzapite m'mphepete mwa mtsinje wa Potomac, pamene pali mzinda wa Washington lero. Chaka chotsatira boma linatsegula banki ya dziko lonse ndi mpamba wa madola 10 miliyoni, ndipo pasanapite nthawi mapepala atsopano a chiwongoladzanja cha 6 peresenti anayamba kugulidwa pamtengo wake wathunthu.

Nanga chiwongoladzanjacho chinkachokera kuti? Zambiri zinkachokera ku msonkho wa katundu wolowa m'madoko. Zotsalazo Hamilton anazisaka pa whiskey, kachasu wa kumeneko, mu 1791. Alimi akumadzulo kwa Pennsylvania ankatcheza mbewu zawo chifukwa kudutsa mapiri ndi matumba kunalibe phindu, ndipo kachasuyo ankagulira zinthu ngati ndalama. Kwa iwo msonkhowu unali kulanda wosauka kuti adyetse ogula mapepala aja. Mu 1794 anaukira, ndipo Hamilton anatsagana ndi asilikali pafupifupi 13,000 kukawakhazika pansi.

Anatula pansi udindo mu Januwale 1795 nabwerera ku uloya ku New York, pakuti malipiro a unduna sankakwanira banja lake. Mu Julayi 1804 anawomberedwa ndi Aaron Burr, wachiwiri kwa pulezidenti, pampikisano wa mfuti wothetsera mkangano ku Weehawken, tsidya la mtsinje kuchokera ku New York, ndipo anamwalira mawa lake. Iye mwini anasiya ngongole, moti anzake anachita kusonkherana kuti mkazi wake asatayikidwe nyumba.