Chifukwa chake logo imachita chimbuuzi ikakulitsidwa

Logo yooneka bwino pa foni ikhoza kutuluka yachimbuuzi pa chikwangwani chachikulu, ndipo kawirikawiri amene amadzudzulidwa ndi wosindikiza. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala pa fayilo imene anapatsidwa.

Zithunzi za pa kompyuta zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi raster, zithunzi zopangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Chilichonse chojambulidwa ndi kamera chili m'gulu limeneli, ndipo zithunzi zotere nthawi zambiri zimasungidwa ngati mafayilo a JPEG kapena PNG. Kachithunzi ka mapikiselo 500 m'lifupi kali ndi 500 omwewo basi. Mukakakoka kuti kadzaze nsalu ya mamita awiri, timabokosi tija timangofutukuka, m'mphepete mwa zilembo n'kuyamba kuoneka ngati masitepe. Pa zinthu zowerengera m'manja, monga kabuku kapena khadi, osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti chithunzi chodzaza pepala la A4 chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chikwangwani cha m'mbali mwa msewu sichifuna ochuluka chotero pa inchi, poti anthu amachionera patali.

Gulu lachiwiri ndi vector. Fayilo yotere simasunga madontho koma malangizo: mzere uyambire apa, ukhote motere, uthere apo, mkati mwake mukhale mofiira. Kaya logo ikupita pa cholembera kapena pa khoma la nyumba, kompyuta imaijambula mwatsopano potsatira malangizowo, ndipo imatuluka yakuthwa nthawi zonse. Mafayilo ake ndi SVG, EPS ndi AI (fayilo ya pulogalamu ya Adobe Illustrator). PDF nayonso imatha kusunga vector, koma samalani, kulowetsa JPEG mu PDF sikuisandutsa vector. Ine ndimati wokonza logo amene wakupatsani JPEG yokha sanamalize ntchito.

PNG ili ndi ubwino umodzi umene JPEG ilibe: kumbuyo kwa logo kumatha kukhala kopanda kanthu. Mukaona logo itazunguliridwa ndi bokosi loyera pa tsamba la buluu la pa intaneti, nthawi zambiri imeneyo ndi JPEG.

Nkhani ya mitundu imakhumudwitsanso ambiri. Sikirini imagwiritsa ntchito RGB, kusakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kulikonse kuyambira pa 0 mpaka 255. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito CMYK, inki za mitundu inayi, ndipo inki siiwala yokha. N'chifukwa chake kubiriwira kothobwa m'maso kwa pa foni kumatuluka kozizirirako papepala. Musanasindikize makope ambiri, pemphani kope limodzi loyesera muone ndi maso anu.

Potumiza fayilo pa WhatsApp, itumizeni ngati document. Mukaitumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imaifinya kuti ipepuke, ndipo wosindikiza amalandira mapikiselo ochepa kuposa amene munali nawo.