Si E.T. yokha imene inagwetsa Atari

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti kampani ya ku America ya Atari inagwa chifukwa cha gemu imodzi yoipa, E.T., yochokera pa filimu ya dzina lomweli, ndipo makatiriji ake (timabokosi tosungira gemu tolowetsa m'makina) anakawakwirira m'chipululu chifukwa cha manyazi. Zokwirirazo zinachitikadi, koma mavuto anali atayamba kale.

Nolan Bushnell ndi Ted Dabney anayambitsa Atari mu 1972, ndipo inatchuka ndi gemu ya Pong, kenako makina osewerera magemu kunyumba a Atari 2600 mu 1977. Kampani ya mafilimu ndi nyimbo ya Warner itaigula mu 1976, mabwana sankafuna kulemba mayina a akatswiri opanga magemu pa ntchito yawo. Anayi mwa akatswiriwo anachoka n'kukayambitsa kampani ya Activision mu 1979, yomwe inkapanga magemu a makina a Atari 2600. Makampani ena ataona kuti njira yatseguka, anadzaza msika ndi magemu achabechabe mpaka masitolo anayamba kuwagulitsa pamtengo wongotaya. Nthawi yomweyo kampani ya Commodore inkatsitsa mitengo ya makompyuta a panyumba, makolo ambiri n'kukhamukira kumeneko.

E.T. inatuluka mu Disembala 1982. Katswiri amene anaipanga, Howard Scott Warshaw, anapatsidwa masabata pafupifupi asanu okha kuti aimalize, ndipo zimandipweteka kuti dzina lake ndi limene linada, chonsecho mabwana ndiwo analamula kupanga makatiriji ochuluka kuposa ogula. Mu 1983 Atari inaluza madola opitirira 500 miliyoni, ndipo mu 1984 Warner inagulitsa gawo la makina a panyumba kwa Jack Tramiel, amene anayambitsa Commodore.

Dzala la ku Alamogordo, New Mexico, kumene anakwirira makatiriji aja, atalifukula mu 2014, anapezamo E.T. pamodzi ndi magemu ena ambiri osagulidwa, kuphatikizapo otchuka ngati Centipede ndi Asteroids.