Timagalasi ta scleral: mafunso ndi mayankho pa malamulo ovalira

Ndasintha magalasi kangapo koma sindikuona bwino. Vuto n'chiyani?

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera mkati komwe madokotala amati cornea. Vuto litha kukhala pamenepo. Pa matenda a keratoconus, omwe nthawi zambiri amayamba munthu ali wachinyamata, kachikopaka kamapyapyala n'kusongoka. Usiku nyali imodzi ya galimoto imaoneka ngati zitatu zokhala ndi michira. Matendawa akakula, magalasi wamba sathanso kukonza zimenezi.

Nanga kagalasi ka scleral kamathandiza bwanji?

N'kagalasi kovala pa diso penipeni, kolimba, kotambalala mamilimita 15 kapena kuposerapo, pomwe cornea ndi ya mamilimita pafupifupi 12. Kamatsamira pa choyera cha diso, n'kuvundikira cornea ngati mbale osaikhudza. Mpata wa pakatipo mumadzaza saline, madzi oyera a mchere pang'ono opangidwira zachipatala, ndipo madziwo ndi amene amakwirira mabampu a pa cornea. Nzeruyi si yalero: Adolf Fick anayesa timagalasi totere ku Zurich mu 1888, ta galasi lenileni.

Povala, weramani mpaka nkhope iyang'ane pansi, kagalasi katadzaza mpaka m'milomo. Mukaona kathovu mkati, chotsani muyambirenso. Masiku oyamba mutha kulimbana nako theka la ola, saline akuchucha m'chigongono. Manja amazolowera.

Saline akatha, ndingatsukire madzi a pampopi?

Ayi, ndipo pa malamulo onse ili ndi limene sindingalolerepo m'pang'ono pomwe. M'madzi a pampopi, a pachitsime ndi a m'nyanja mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Kakatsekeredwa pansi pa kagalasi kamadya cornea, kamavuta kuchiza, ndipo ena diso limachita khungu. Madzi akumwa a m'botolo nawo sakuloledwa, ngakhale saline wosungunula nokha ndi mchere wa kukhitchini. Malovu ndiye musayerekeze. Wodzazira kagalasi akhale wopanda mankhwala osungitsa, monga wa m'timabotolo totsegula kamodzi n'kutaya. Posamba ndi posambira vulani, ndipo mukasamba m'manja pukutani ziume musanakagwire.

Ndingagone nditavala?

Ayi. Cornea imapeza mpweya kuchokera kunja, ndipo kugona nako kumaitana matenda.

Masana maso amachita chifunga. Kagalasi kawonongeka?

Kawirikawiri ndi tinyansi tomwe tasonkhana m'madzi a pansi pa kagalasi. Chotsani ndi kamphira kokokera kagalasi, tsukani, thirani saline watsopano. N'chifukwa chake kamphira ndi saline siziyenera kutsala kunyumba. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, dokotala aonenso mmene kamakhalira m'diso.

Usiku ndizisunga bwanji?

M'mankhwala amene anakupatsani. Ngati ndi hydrogen peroxide, kakhale m'kabotolo kake maola osachepera 6 kuti ululu uthe. Mukafulumira diso liotcha ngati mwathira tsabola. Mankhwala adzulo tayani, osangowonjezera ena pamwamba.

Kodi timagalasiti timachiritsa keratoconus?

Timakonza kaonedwe basi. Choimitsa matendawa ndi chithandizo cha cross-linking, pomwe amadonthezera riboflavin (vitamini B2) m'diso n'kuliwalitsa ndi kuwala kwapadera kotchedwa UV kuti cornea ilimbe. Inu mbali yanu ndi kusiya kutikita maso. Akamayabwa ndi fumbi kapena utsi, pemphani mankhwala odonthezera.

Ndithamangire kuchipatala zikatani?

Diso likafiira, likamapweteka, likamaopa kuwala, kapena mukaona kadontho koyera pa cornea. Vulani nthawi yomweyo, pitani tsiku lomwelo, mutatenga kagalasi ndi kabotolo kake kuti akaziyeze.