Pasiwedi ya WiFi mwasintha, nanga ya kabokosi kameneko?

Mwezi watha ndinaitanidwa ku Highfield, muno mu Harare, ndi mayi wina wa kwathu ku Dedza, amene ali ndi nyumba ya zipinda za lendi. Pakhonde anapachikapo access point yoyera, kabokosi koulutsa WiFi, ndipo wokhala pamenepo akafuna intaneti amawonjezera kangachepe pa lendi n'kupatsidwa pasiwedi. Dandaulo lawo linali lakuti intaneti ikukwawa ngati nkhono, chonsecho pasiwedi amaisintha Loweruka lililonse osaphonya.

Ndinawafunsa kuti, "Amayi, mukafuna kusintha mumalowa bwanji?"

Anati, "Iii mwanawe, zosavuta. Mdzukulu wanga anandionetsa. Pamwamba umalemba admin, pansi admin, basi chatseguka."

Nditalowa ndinapeza kuti kabokosiko kakuulutsa manetiweki awiri. Yoyamba ndi imene amayi ankaidziwa. Yachiwiri inali yobisidwa dzina, ili ndi pasiwedi yakeyake, ndipo panali mafoni 11 amene eni ake sakhala n'komwe pa nyumbapo. Wina mwa alendiwo anatsegula khomo lake n'kumagulitsa intaneti ya amayi kwa anthu oyandikana nawo. Pasiwedi ya Loweruka ija sinkamukhudza m'pang'ono pomwe.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuika ndi kukonza manetiweki muno mu Harare, m'maofesi, m'maloji, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu, ndaona kuti ambiri amadziwa pasiwedi imodzi yokha, ya WiFi. Koma rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) kapena access point iliyonse ili ndi makomo awiri. Loyamba ndi lolowera pa intaneti, limene mumapatsa alendo. Lachiwiri ndi la mwini nyumba, lolowera kumene chipangizocho amachilamulira, ndipo limatsegulidwa ndi browser wamba monga Chrome. Mukalemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pamene mumalemba adiresi ya tsamba, pamatuluka tsamba lofunsa dzina ndi pasiwedi. Pa timabokosi tambiri ta Huawei tolowetsa SIM kadi adiresiyo ndi 192.168.8.1, pa MikroTik ndi 192.168.88.1. Tsambalo silichokera kutali. Limakhala m'kabokosi momwemo, chifukwa kabokosiko ndi kakompyuta kathunthu, kawirikawiri koyendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux, kokhala ndi kapulogalamu kake kotumiza masamba.

Wolowa pamenepo amakhala mfumu ya netiweki yonse. Amaona pasiwedi ya WiFi, amaona foni iliyonse imene yalumikizidwa, amathamangitsa amene wafuna, amatsegula njira zoti anthu akunja azilowera. Koma chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi kamalo ka pa tsambalo kolembedwa DNS, kamene anthu amakadumpha osakayang'ana.

DNS ndi imene imasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala imene makompyuta amamva. Ili ngati mnyamata woitanira pa siteshoni ya mabasi ku Mbare: mumamufunsa basi ya ku Nyamapanda, iye n'kukulozerani, inu n'kukwera osafunsanso. Munthu akasintha DNS pa rauta yanu, waika woitanira wake pa siteshoni. Mulemba bwinobwino dzina la banki yanu, koma mukatsikira pa tsamba lofanana nalo ndendende limene anamanga akuba. Mu 2014 gulu lofufuza la Team Cymru linapeza marauta pafupifupi 300,000 a m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono atasinthidwa DNS mwa njira imeneyi. Masiku ano browser imachenjeza ikaona kuti satifiketi ya tsamba, chiphaso chotsimikizira mwini wake, siikugwirizana ndi dzina lake, ndipo zimenezi zapulumutsa ambiri. Koma ndani wa ife amene sanadinepo kuti "pitirira" pa chenjezo lotere pamene akuthamangira kulipira fizi ya mwana? Chakudza sichiimba ng'oma: intaneti imagwirabe ntchito, magetsi a pa kabokosi amaphethirabe obiriwira, palibe chokayikitsa.

Vuto lakale kwambiri ndi limene ndinapeza ku Highfield, pasiwedi ya ku fakitale. Zipangizo zakale za TP-Link zinkabwera ndi admin ndi admin, za Ubiquiti ndi ubnt ndi ubnt, za MikroTik ndi admin popanda pasiwedi n'komwe. Si chinsinsi, zinalembedwa m'timabuku take ndipo aliyense angazipeze pa intaneti. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyendayenda pa intaneti ikuyesa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 pa makamera ndi marauta. Iyo inkalowera khomo lina lotchedwa telnet osati pa tsamba, koma ulesi wake ndi womwewo. Zipangizo zimene inagwira zinasanduka gulu lankhondo, ndipo pa 21 October chaka chimenecho zinaunjikira kampani yoyendetsa DNS ya Dyn ku America mpaka anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Eni zipangizozo sankadziwa kanthu. Dziko la Britain linatopa nazo, moti kuyambira April 2024 lamulo lawo silikulola kugulitsa zipangizo zotere zili ndi pasiwedi yosavuta yofanana pa bokosi lililonse. Koma katundu amene amafika m'mashopu athu a m'tauni, makamaka wa sekondihandi, sanamve za lamulo limenelo.

Pano wina anena kuti, ine pasiwedi ya admin ndinasintha kalekale, ndiye ndili bwino. Mwachita bwino ndithu, ndipo mwaposa anthu ambiri. Koma pali mabowo ena amene pasiwedi siitseka, chifukwa analakwitsa ndi amene analemba pulogalamu ya m'kabokosimo.

Lalikulu mwa mabowo amenewa limagwira ntchito motere. Pa tsamba lija pamakhala timabokosi tolembamo zinthu: dzina la netiweki, dziko limene muli, adiresi yoyesera ngati intaneti ikufika. Zimene mwalemba, tsambalo limazipereka kwa Linux wa m'kati kuti azichite. Wolemba pulogalamu wosamala amayamba wasefa kaye zimene zalembedwazo. Wothamanga amangozipereka mmene zilili. Ndiye wakuba amalemba yankho loyenera, n'kuika kachizindikiro ngati semikoloni (;). Kenako n'kuwonjezera lamulo lake. Zili ngati mwatuma mwana ku golosale ndi kapepala kolembedwa "sopo", panjira wina n'kuwonjezera m'munsi mwake kuti "ndiponso upereke makiyi a nyumba kwa amalume amene aima pa geti". Mwanayo sadziwa kusiyanitsa zolemba, amachita zonse ziwiri. Ndipo pa zipangizo zambiri zotchipa, tsambalo limayenda ndi mphamvu zonse za chipangizocho, choncho lamulo la wakubayo palibe chimene chingalikanize.

Mu December 2016 bowo lotere linapezeka pa marauta a Netgear a R7000 ndi R6400. Sipankafunika pasiwedi iliyonse: adiresi imodzi yolembedwa mwaukathyali inali yokwanira, ndipo akatswiri a CERT, gulu loona za chitetezo cha makompyuta la ku Carnegie Mellon University, analangiza anthu kuti ayambe asiya kugwiritsa ntchito marautawo kufikira atakonzedwa. Mu 2023 zofanana ndi zimenezi zinachitika pa TP-Link Archer AX21, kudzera pa malo osankhira dziko. Kampaniyo inatulutsa pulogalamu yokonza mu March, koma pofika April mapulogalamu oipa ochokera kwa Mirai uja anali atayamba kale kugwira marauta amene eni ake sanaiike. Ndipo musaganize kuti ndi matenda a zipangizo za anthu osauka okha. Mu October 2023 bowo pa tsamba lolamulira la Cisco IOS XE, pulogalamu ya zipangizo zodula za makampani akuluakulu, linalowetsa akuba m'zipangizo zoposa 40,000 m'masiku ochepa.

Nkhani imene imandiseketsa mpaka lero ndi ya D-Link mu 2013. Wofufuza wina, Craig Heffner, anapeza kuti pa marauta ena a kampaniyo, browser ikadzitchula ndi dzina lakuti xmlset_roodkcableoj28840ybtide, tsamba limatseguka osafunsa pasiwedi. Werengani dzinalo chobwerera m'mbuyo, mupezamo mawu akuti edit by 04882 joel backdoor. Wina ku ntchito anadzisiyira kakhomo kakuseri, mwina kuti kamuthandize poyesa zinthu, ndipo kanapita ku msika kali chotsegula.

Funso limene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi mzungu wa kutali angafunenji pa kabokosi kanga ka ku Mufakose? Yankho n'lakuti sakusankhani. Palibe munthu amene wakhala pansi n'kumaganiza za inu. Ndi makina amene amagogoda pa khomo lililonse motsatana. Maadiresi a IPv4, manambala amene zipangizo zimadziwika nawo pa intaneti, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo mu 2013 ofufuza a ku University of Michigan anaonetsa kuti kompyuta imodzi ya intaneti yamphamvu ingawayendere onse pasanathe ola limodzi. Kabokosi kanu amakafuna kuti abisalemo pamene akuchita zoipa kwina, kuti mlandu uzioneka ngati ukuchokera pa adiresi yanu, ndipo deta imene ikutha ndi imene mwalipira inu.

Ndinene chilungamo apa, kuti ndisakuopsezeni mopitirira. Ambiri amene amagwiritsa ntchito SIM kadi mu rauta alibe adiresi yawoyawo yoonekera kunja, amagawana imodzi ndi makasitomala ena ambiri, choncho wogogoda wa kunja safika pa tsamba lawo mosavuta. Amene ali poyera ndi maofesi, maloji ndi masukulu amene anagula adiresi yokhazikika, makamaka ngati woika netiweki anayatsa remote management, njira yolamulira chipangizocho uli kutali. Apa ndiloze chala anzanga a ntchito, ndi ine ndemwe, chifukwa ndinachitapo ndili wamng'ono pa ntchitoyi. Timayatsa kuti kasitomala wa ku Borrowdale akaimba tisavutike kukwera kombi, tizingokonza tili ku Mabvuku. Kontirakiti ikatha timaiwala kuzimitsa, ndipo tsambalo limakhala chotsegukira dziko lonse kwa zaka.

Ngakhale mutatseka kunja, khomo la m'kati likadalipo. Aliyense amene mwamupatsa WiFi, kasitomala wa mu saluni, mlendo wa pa loji, mwana wa sukulu, angafike pa tsamba lija ngati simunawalekanitse. Browser yanu yomwe ingakugulitseni: tsamba loipa limene mwatsegula pa laputopu likhoza kutumiza lamulo ku 192.168.1.1 mwakachetechete, ndipo rauta imaona ngati lachokera kwa inu chifukwa lachokeradi m'nyumba. Bowo la Netgear lija linkagwira ntchito choncho. Onjezani kuti masamba ambiri olamulira amayenda pa http wamba, kutanthauza kuti pasiwedi ya admin imadutsa yosabisidwa, ndiye pa WiFi yopanda loko wina wokhala pakona ndi laputopu angaitole. Palinso WPS, kanjira kolumikizira ndi nambala ya manambala 8, kamene Stefan Viehböck anaonetsa mu December 2011 kuti kamathyoka ndi mayesero osapitirira 11,000. Ndimakazimitsa paliponse pamene ndakapeza.

Zimene ndimachita ndikafika pamalo sizitenga ola. Ndimaika pasiwedi ya admin yaitali, yosiyana ndi ya WiFi. Ndimazimitsa remote management ndi telnet. Alendo ndimawapatsa guest network, WiFi yawoyawo imene siiona tsamba lolamulira, ndipo chipangizo chikalola ndimachiuza kuti tsambalo lizitseguka kwa wolumikiza ndi waya yekha. Ndimayang'ana DNS ngati ndi ya kampani yopereka intaneti kapena ina yodziwika. Kenako firmware, pulogalamu ya m'kati ija, ndimaitenga pa tsamba la kampani imene inapanga chipangizocho, osati pa linki ya pa WhatsApp, ndipo ndimaonetsetsa kuti nambala ya mtundu wake ikufanana ndi ya pa chomata cha pansi pa bokosi. Kuno kwathu kumene magetsi amapita osatsanzika, musaike firmware chipangizo chisali pa batire kapena pa sola. Akathima ntchito ili pakati, mutsala ndi njerwa ya pulasitiki.

Ena amakhulupirira kuti kuthima kwa magetsi kumatsuka rauta. Zoipa zina, monga Mirai, zimachokadi chipangizo chikazima, koma zimabwerera ngati bowo likadali pomwepo. Pulogalamu yoipa ya VPNFilter, imene gulu lofufuza la Cisco Talos linaulula mu May 2018 itagwira zipangizo zosachepera 500,000 m'mayiko 54, inkasiya muzu wake ngakhale mutazimitsa n'kuyatsanso. DNS yosinthidwa nayonso siibwerera yokha. Mukakayikira, gwirani batani la reset mpaka zonse zibwerere za ku fakitale, muike firmware yatsopano, kenako muyambe kukonza kuchokera pachiyambi.

Pamene timakangana ndi makasitomala ndi pa zipangizo zokalamba. Kampani iliyonse imafika poleka kukonza mtundu wakale, ndipo bowo lopezeka pambuyo pake limakhala lotsegula mpaka chipangizocho chidzafe. Access point ya zaka 10 yogulidwa motchipa imagwira WiFi bwinobwino, n'chifukwa chake munthu samvetsa ndikamuuza kuti aitaye. Pa nyumba ya banja ndimatseka zimene ndingathe n'kuisiya. Pa kiliniki, pa sukulu kapena pa ofesi yosunga mayina ndi manambala a anthu ndimakana kuiika, ndipo ndimawakumbutsa kuti lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene amaliyang'anira ndi a POTRAZ, bungwe loona za mafoni ndi intaneti mu Zimbabwe, limafuna kuti wosunga zinthu za anthu ena aziteteze.

Access point ya amayi a ku Highfield inali isanakalambe kwambiri, firmware yake inapezeka. Ndinafufuta netiweki yobisika ija, alendi onse ndinawasamutsira ku guest network, ndipo pasiwedi ya admin ndinawauza kuti asankhe okha, ine ndisaione. Anailemba kumapeto kwa buku lawo la malendi n'kulibweza m'chikwama. Potuluka ndinawafunsa ngati akufuna tifufuze kuti anachita zimenezi ndani, poti dzina la foni imene inkalowa pa tsambalo linali litaoneka.

"Ayi mwanawe, musiye," anatero. "Ndimudziwa Loweruka, akabwera kudzadandaula kuti bizinesi yagwa."